KUTSITSA MTENGO: NZERU ZA KU TSOKA NDI MAKINA A M'SITOLO

Tonse amene tikhala mu Lilongwe tiudziwa Msika wa Tsoka, umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town, kutsidya kwa msika waukulu. Wofuna kuoloka msanga amadzera pa timilatho ta mitengo, napereka kandalama kochepa kwa eni milathoyo. Kumeneko ndiko makolo a ambiri a ife amatigulira malaya, nsapato, majuzi ndi zofunda za kaunjika sukulu isanatsegulidwe. Tsono amene anapitako kawiri kapena katatu anaona chinthu chodabwitsa. Malaya amene Lolemba anali atapachikidwa pamwamba, mwini wake akukana kuchotserapo ngakhale K100, pofika Loweruka amapezeka ataponyedwa pa mulu, mnyamata akukuwa mtengo wosafika ndi theka lomwe. Kodi munthuyo sakutaya chuma chake?

Zomwezo tiziona m'masitolo akuluakulu monga Chipiku ndi Sana, ndi m'masitolo ena a ku City Centre ndi ku Area 47. Lero sopo ali ndi chipepala chofiira chonena kuti watsika mtengo, sabata ya mawa chipepalacho chachoka ndipo mtengo wabwerera pakale. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku Tsoka amasunga masamu ake m'mutu, pamene wa sitolo amawasunga m'makina a pa kauntala. M'nkhani ino ndifuna kufotokozera anzanga mmene masamuwo amayendera, pakuti ambiri a ife fizi yathu imachokera pa benchi, m'golosale kapena m'kaokala, ndipo mtengo ukatsitsidwa mosaganiza bwino, ife ndife tibwezedwa pa geti.

Tiyambe ndi belo

Pa tchuthi chapitachi ndinathandiza atsibweni anga amene amagulitsa malaya a kaunjika. Iwo anandiphunzitsa kuti wogulitsa kaunjika sawerengera malaya amodzi, iai, amawerengera belo lonse. Manambala ali m'munsiwa ndangowayerekeza kuti masamu asavute, si mitengo ya pa msika.

Tinene kuti munthu waoda belo pa K300,000, ndipo wolinyamula, chiphaso cha msika ndi zina zotere zamudyera K20,000. Mpamba wake wonse ndi K320,000. Pomasula belolo wapezamo malaya 200. Tikagawa, malaya amodzi amugwera K1,600. Koma malayawo sali ofanana. Iye amawasankha m'magulu atatu. Okongola koposa alipo 40, ndipo awa amawapachika nawagulitsa pa K5,000, napeza K200,000. Apakati alipo 80, ndipo pa K2,500 amubweretsera K200,000 ina. Pamenepa wagwira K400,000, mpamba wabwerera, ndi phindu la K80,000 pamwamba. Otsala 80 aja, ena osuluka, ena aakulu kwambiri, ena osowa batani, ndiwo amapita pa mulu pa K1,000. Mtengowu uli pansi pa K1,600 imene anagulira, komabe sakuluza, chifukwa belo linadzilipira kale. Mulu wonse ukatha, phindu lake lafika K160,000.

Tsono taonani mnzake amene alibe mwambo. Tsiku loyamba anthu amunenerera, iye nachita manyazi, nagulitsa okongola aja pa K3,000, napeza K120,000. Apakati wawapereka pa K2,000, napeza K160,000. Poona kuti mwezi ukutha, otsalawo wawamwaza pa K500, napeza K40,000. Zonse pamodzi ndi K320,000. Wakhala padzuwa masabata onsewo, wakuwa mpaka mawu kusasa, koma wangobweza ndalama yake yomwe. Onse awiri anatsitsa mtengo, koma woyamba anadziwa chimene akutsitsa, nthawi yotsitsira, ndi malire ake. Nchito ya makina a m'sitolo pa nkhani ya katundu wotsitsidwa ndi yomweyi basi: kusunga zinthu zitatu zimenezi kuti zisaiwalike.

Chimene makina amasunga

Makina oyamba olembera ndalama za pa kauntala anapangidwa m'chaka cha 1879 ndi James Ritty, wa ku Dayton m'dziko la America, amene ankakayika kuti anchito ake akumubera. Makinawo ankangowerengera ndalama, katundu sankamudziwa. Zinthu zinasintha pamene kunabwera timizere takuda tija tiona pa paketi ya shuga kapena pa botolo la mafuta, totchedwa barcode. Katundu woyamba kugulitsidwa m'sitolo powerenga timizere totere anali paketi ya chingamu ya Wrigley, pa 26 June 1974, m'tauni ya Troy ku Ohio.

Ambiri amaganiza kuti mtengo unalembedwa m'timizeremo. Si choncho kawirikawiri. Timizereto ndi nambala chabe, monga nambala ya mayeso ya wophunzira. Wa pa kauntala akatiwalitsa ndi kanyali kofiira kaja, kompyuta imapita ku kaundula wake nifunsa kuti, nambala iyi ndi ya chiyani? M'kaundulamo muli dzina la katundu, mtengo umene sitolo inaodera, mtengo wogulitsira wa masiku onse, ndi chiwerengero cha amene watsala. Chinthu chimodzi chikagulidwa, kompyuta imachotsapo chimodzi pa chiwerengerocho. Chotero mwini sitolo angathe kudziwa madzulo kuti sopo watsala mitanda ingati popanda kukawerenga pa shelefu.

Kutsitsa kuli mitundu iwiri

Pofuna kutsitsa mtengo, woyang'anira sitolo ayenera kuyamba wadzifunsa kuti akutsitsiranji, pakuti kutsitsa kuli mitundu iwiri, ndipo makina amailemba mosiyana.

Mtundu woyamba ndi wochotsa katundu wokhalitsa. Majuzi amene sanathe mu June ndi July sadzagulidwanso pa mtengo wake mu October dzuwa likuswa mtengo. Maambulera otsala mu April ayenera kudikira mvula ya November. Katundu wotere wagwira ndalama imene ikanaoda zinthu zoyenda msanga, ndiponso wadzaza malo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Apa mtengo umatsika osadzakweranso, ndipo ungatsike kawiri kapena katatu mpaka katunduyo atatha. Umenewu ndiwo mulu wa ku Tsoka uja.

Mtundu wachiwiri ndi wokopa anthu. Shuga kapena mafuta ophikira, amene amayenda bwino kale, amatsitsidwa masiku owerengeka kumapeto kwa mwezi, pa Khirisimasi kapena potsegulira sukulu, kuti anthu alowe m'sitolo nagulenso zina. Apa mtengo uyenera kubwerera pakale nthawiyo ikatha.

Pa mtundu wachiwiriwu pali lamulo lalikulu: mtengo wa masiku onse usafufutidwe. Mapulogalamu a pa kauntala ali ndi malo apadera olembapo za kutsitsa, ndipo amafunsa kuti: katundu wake ndi uti, achotsedwe zingati, kuyambira tsiku liti, kulekeza tsiku liti. Tsiku lomaliza likadutsa, makina amabwerera okha ku mtengo wakale. Koma munthu waulesi amangofufuta K10,000 nalembapo K8,000, poganiza kuti adzakumbukira kukonza. Masabata amapita, iye waiwala, ndipo katundu watsopano amene waoda modula akugulitsidwabe pa mtengo wotsika. Tsoka silinunkha. Amadzazindikira pa tsiku lowerenga katundu, ndalama itapita kale.

Masamu a magawo

Anzanga amene amadandaula kuti masamu a peresenti alibe nchito amve izi. Tinene kuti sitolo yaoda ketulo pa K8,000 nimaigulitsa pa K10,000. Phindu ndi K2,000. Mwini sitolo akachotsa magawo 10 pa 100, wogula amaona ngati wachotseredwa pang'ono, K1,000 yokha. Koma phindu latsika kuchoka pa K2,000 kufika pa K1,000, ndiko kuti theka lathunthu. Kuti apeze ndalama imene ankapeza pogulitsa maketulo 10, tsopano ayenera kugulitsa 20. Ngati kutsitsako sikunabweretse ogula ochuluka chotero, sitolo yagwira nchito yambiri nipeza zochepa. N'chifukwa chake makina abwino amaonetsa mtengo woodera pambali pa mtengo watsopano, ndipo ena amachenjeza kapena kukana kumene ngati mtengo watsika kupitirira woodera.

Chachiwiri, kutsitsa kuwiri kukakumana pa chinthu chimodzi sikuphatikizidwa monga tiphatikizira mbuzi. Ketulo ija ikachotsedwa magawo 20 pa 100 ifika pa K8,000. Wogula akabweranso ndi khadi lomuchotsera magawo 10 pa 100, achotsa pa K8,000, ndipo alipira K7,200, osati K7,000. Ngakhale zili choncho, sitolo yaluza K800 pa ketuloyo. Chotero pulogalamu iyenera kuuzidwa ngati kutsitsa kuwiri kungakwerane, kapena ngati wogula alandire kumodzi kokha kumene kuli kwakukulu.

Chachitatu, kutsika ndi kukwera sikufanana. Mukachotsa magawo 20 pa 100 pa K10,000 mupeza K8,000, koma mukaonjeza magawo 20 pa 100 pa K8,000 mupeza K9,600. K400 yasowa panjira. Ichi ndi chifukwa china chosafufutira mtengo wakale.

Basela

Mayi wogulitsa tomato akakuikirani mmodzi wa basela, palibe amalemba. M'sitolo basela ayenera kulembedwa. Chikwangwani chikati gulani ziwiri mutenge chachitatu chaulere, kwenikweni sitolo yachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo. Wa pa kauntala akawalitsa ziwiri zokha, chachitatu nangochiponya m'jumbo, kompyuta idzaganiza kuti chikadali pa shelefu. Zikachitika kwa ogula 50, kaundula adzanena kuti m'sitolo muli zinthu 50 zimene mulibe. Woyang'anira adzachedwa kuoda zina, ndipo pa tsiku lowerenga katundu anchito osalakwa adzaganiziridwa kuba. Njira yoyenera ndi kuwalitsa zonse zitatu, makina nachotsa okha mtengo wa chachitatucho, kuti chiwerengero chitsike ndi zitatu ndipo risiti ionetse zoona.

Katundu woyandikira kutha mphamvu

Mkaka, buledi, yogati ndi zakudya za m'zitini ziri ndi tsiku lake lothera. Mwambo wa sitolo ndi kuika kutsogolo kwa shelefu zimene tsiku lake layandikira, zatsopano kumbuyo. Zikatsalabe, amazitsitsa kuti zituluke tsikulo lisanakwane. Pano pali msampha. Botolo la mkaka lakale ndi latsopano ali ndi barcode imodzimodzi. Woyang'anira akatsitsa mtengo pa nambala imeneyo, watsitsa mabotolo onse, ndi obwera dzulo omwe. Chotero masitolo ambiri amamata kapepala kena ka nambala yakeyake pa mabotolo okhawo ofuna kutsitsidwa, kuphimba timizere takale, kuti makina adziwe kusiyanitsa.

Koma tsiku likadutsa palibenso za kutsitsa. Katunduyo ayenera kuchotsedwa pa shelefu, nalembedwa m'kaundula kuti watayidwa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, limayendera masitolo ndi kulanda zakudya zotha mphamvu. Ife ogula tizionanso tokha tsiku lolembedwa pa paketi tisanakondwere ndi chipepala chofiira.

Ndani ali ndi mphamvu yotsitsa?

Ku Tsoka kunenerera ndi mwambo, ndipo mwini benchi amadziwa pamene ayenera kulekeza. Vuto limabwera akasiya mnyamata pa benchi. Madzulo mnyamatayo anena kuti malaya aja anawagulitsa K3,000 chifukwa wogula ananenerera kwambiri. Kodi ndi zoona, kapena anagulitsa K5,000 natsekera K2,000 m'thumba? Palibe angadziwe. Nkhawa ya James Ritty ija ikadalipo mpaka lero.

M'makina a sitolo aliyense wa pa kauntala amalowa ndi nambala yake yachinsinsi. Kawirikawiri saloledwa kusintha mtengo yekha. Pakafunika kutero amaitana woyang'anira, amene amabwera ndi khadi kapena nambala yake, ndipo makina amalemba kuti wasintha ndani, nthawi yanji, ndi chifukwa chake. Mukaona mzere waima, mtsikana wa pa kauntala akukweza dzanja kuitana wamkulu wake, musamukalipire. Dongosolo limenelo limateteza mwini sitolo kwa wanchito wosakhulupirika, komanso limateteza wanchito wokhulupirika kuti asanamiziridwe.

Chimodzimodzi ndi katundu wobwezedwa. Munthu akagula ketulo pa K8,000 m'sabata yotsitsa, naibweza mtengo utabwerera pa K10,000, ayenera kulandira K8,000 imene analipira. Umboni wake ndi risiti. Sitolo yosasunga mbiri ya mitengo ingabweze ndalama yoposa imene inalandira.

Shelefu, kauntala ndi lamulo

Dandaulo limene timamva kawirikawiri ndi lakuti pa shelefu panalembedwa mtengo wina, pa kauntala anena wina. Nthawi zambiri chimachitika ndi ichi: tsiku lotsitsa latha m'kompyuta pakati pa usiku, koma chipepala chofiira palibe wachichotsa. Kompyuta siingayende kukang'amba pepala. Imeneyo ndi nchito ya munthu, ndipo sitolo yadongosolo imasindikiza mndandanda wa mitengo yosintha mmawa uliwonse isanatsegule zitseko. Kulakwitsa kotere si nkhani yaing'ono, pakuti dziko lathu liri ndi lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu onyengedwa pa mitengo. Kukweza mtengo mwadala lero kuti mawa mulembe kuti mwatsitsa ndi chinyengo cha mtundu womwewo.

Boma nalo liri ndi diso pa kauntala. M'chaka cha 2014 bungwe lotolera msonkho la Malawi Revenue Authority linayamba kulamula amalonda olembetsedwa pa msonkho wa VAT kuti azipereka risiti yochokera m'makina otchedwa EFD, amene ankatumiza mbiri ya malonda ku bungwelo. Pa nthawiyo msonkhowo unali K16.50 pa K100 iliyonse. Popeza msonkho umawerengedwa pa ndalama imene wogula walipira, kutsitsa kulikonse kuyenera kuoneka pa risiti. Wamalonda akachotsera munthu pakamwa pokha, makina nalemba mtengo wathunthu, adzakhoma msonkho pa ndalama imene sanailandire.

Mpamba umathawa

Pali chinthu chimodzi chimene makina sanena pokhapokha munthu atawauza, ndicho mtengo wa katundu wa mawa. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu November 2023 ndi magawo 44 pa 100. Mabelo a kaunjika amachokera kunja, chotero mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Mu February 2025 ogulitsa kaunjika a mu Lilongwe, ndi a ku Tsoka omwe, anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera kwa mitengo ya mabelo.

Tibwerere kwa munthu wanzeru uja amene anagwira K480,000 pa belo la K320,000. Akapita kukaoda napeza kuti belo lomwelo tsopano limufuna K450,000, phindu lake lenileni ndi K30,000 yokha, pakuti yotsalayo iyenera kulowa m'belo latsopano. Mnzake uja wa K320,000 sangaodenso konse. Chotero pa nthawi imene mitengo ikukwera, woganiza zotsitsa asayang'ane mtengo umene anagulira dzulo wokha, ayang'anenso umene adzagulire mawa. M'sitolo, woyang'anira ayenera kukonza mtengo woodera m'kaundula nthawi zonse katundu watsopano akafika, apo ayi makina adzamusangalatsa ndi phindu labodza.

Chimene tingachite ife

Wina angati, zonsezi ndi za masitolo a magalasi, ku Tsoka kulibe kompyuta. N'zoona kuti malaya a kaunjika alibe barcode, ndipo palibe awiri ofanana. Koma magulu atatu aja ali ngati manambala atatu a katundu. Masiku ano kuli mapulogalamu a malonda olowa mu foni ya m'manja, ndipo amene amalandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ali kale ndi mbiri ya zina zimene alandira. Koma ngakhale foni palibe, kope la masamu ndi rula n'zokwanira, ndipo kope silizima magetsi akathima.

Ine ndi atsibweni anga tinachita chotere. Belo lirilonse liri ndi tsamba lake. Pamwamba tilemba tsiku looda ndi ndalama zonse zimene lawononga. M'munsi tijambula mizere isanu: tsiku, gulu la malaya, mtengo woikidwa, mtengo umene wogula walipiradi, ndi ndalama zonse zimene belolo labweza kufikira tsikulo. Pambali atsibweni amalemba mtengo wotsikitsitsa wa gulu lirilonse, umene mnyamata wa pa benchi sayenera kuupitirira popanda kufunsa. Malaya sapita pa mulu mpaka mzere wachisanu utafika pa mtengo wa belo lotsatira, kupatula ngati nyengo yake ikutha. Sabata yoyamba anadandaula kuti ndikuwachedwetsa ndi zolembalemba. Sabata yachitatu anaona okha m'kopemo kuti ndalama yambiri inkathawira pa malaya okongola, m'masiku awiri oyamba, pochotsera anzawo ndi achibale K500 apa, K1,000 apo. Pa mulu, pamene iwo ankadandaula, sipanali vuto konse.

Chotero anzanga, pa tchuthi chikudzachi, amene makolo awo ali ndi benchi, golosale kapena okala, atenge kope limodzi nakakhale nawo pa malondapo. Mukawafunse ulemu kuti katunduyu anaoda zingati, akutsitsiranji, ndipo adzaleka liti kutsitsa. Masamu amene aphunzitsi amatilembera pa bolodi ndi omwewo ali m'makina a ku City Centre, ndipo fizi ya teremu ya mawa ingatuluke m'mizere isanu ya m'kopemo.